Benchi ya Anzanga a Kuntchito

Thiraki ikamachokera kuboda, isanafike pamabampu a pa Kamwendo, dalaivala amaigwira ndi injini, ndipo imalira ngati munthu akukoka lata pamiyala. Kenako mabuleki amapuma mwamphamvu, n'kumveka matayala akukwera bampu limodzilimodzi. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito m'kashopu ka fotokope kuseri kwa siteji ya maminibasi, phokoso limeneli ndi limene linkandikumbutsa kuti kunja kuli anthu amene akupita kwinakwake. Galasi la pawindo linkanjenjemera, mapepala a pashelefu n'kusuntha pang'ono, kenako kunkangoti zii.

Shopuyo inali ya mayi wina wa kuboma, amene ankabwera tsiku la msika kudzaona ngati inki ndi mapepala zilipo. Masiku ena onse ndinkakhalamo ndekha. M'mawa kunkabwera anthu ofuna fotokope ya ziphaso, ena ofuna kuwataipira makalata ofunsira ntchito, ena makadi a ukwati kapena mapulogalamu a maliro. Dzuwa likapendeka, benchi ya makasitomala inkakhala yopanda munthu mpaka nthawi yotseka.

Makolo anga sindikuwakumbuka. Ndinakulira m'manja mwa agogo anga aakazi, mayi a mayi anga, m'mudzi wina wa kwa Zulu. Agogo ankagulitsa mtedza wokazinga pamsika wa Kamwendo mpaka pamene maso awo anayamba kuchita mdima. Anali munthu wolongolola, wokonda kuseka ndi kunyogodola, moti panyumba pathu pakamwa panali pawo, ine ndinali maso chabe. Kusukulu ndinkakhala kumbuyo n'kumaona anzanga. Ndinkadziwa amene wabwera osadya, amene wabwereka yunifolomu, amene akuopa kufunsidwa funso, koma palibe amene ndinkacheza naye kwenikweni. Nditakula sizinasinthe.

Agogo sankajomba maliro. Kaya ndi m'mudzi mwathu, kaya ndi kwa Kapondo, kaya womwalirayo anangomudziwira pamsika, ankamanga chitenje, kutenga kambale ka ufa, ulendo. Maso atafooka ankagwira phewa la mnzawo, osasiya kupita. Pobwerako ankandiuza amene anafika ndi amene sanafike, ndipo ankamaliza ndi mawu omwewo: “Ine ndikadzafa ndikufuna anthu adzasowe pokhala.”

Kompyuta ya m'shopu inali yakale, yogula kwa munthu. Pulogalamu imene ndinkapangira makadi inali ya mtundu umene eni ake amausiya poyera. Aliyense angathe kuitenga osalipira, kuona mmene inalukidwira mkati, ndipo akaona polakwika angathe kukonza n'kutumiza kuti ena aone ngati wakonza bwino. Malangizo a kagwiritsidwe ntchito kake anali pa intaneti, m'Chingerezi, masamba ambirimbiri olembedwa ndi anthu ongodzipereka.

Tsiku lina masana ndinkafufuza mmene ndingasanjire masamba kuti pepala likapindidwa pakati likhale kabuku. Ndikuwerenga, diso langa linakodwa pa liwu limene zilembo zake ziwiri zinasinthana malo. Munthu wozolowera kutaipa makalata a anthu sangadutse zoterozo osaziona. Ndime yotsatira inali ndi liwu lolembedwa kawiri motsatizana. Pamwamba pa tsambalo panali kachizindikiro ka pensulo. Ndinakadina mwamantha, ngati munthu wotsegula chitseko cha nyumba ya eni. Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse njira yake: umatenga kope lako la tsambalo, umakonza, umalemba mwachidule chimene wakonza, umatumiza, kenako umadikira kuti mmodzi mwa oyang'anira avomereze.

M'mawa mwake ndinapeza avomereza. Pansi pake panali liwu limodzi lothokoza. Ndinatsegula tsamba la malangizo lija n'kupeza zilembo zija zili m'malo mwake. Aliyense padziko lapansi amene akanatsegula tsambalo akanawerenga mmene ndinakonzera ine. Sindinauze munthu. Madzulo ndinapalasa njinga kubwerera kumudzi, ndipo njira yonse ndinkamva ngati pali wina amene wanditembenukira n'kundigwedezera mutu.

Kuyambira pamenepo masana anga anapeza ntchito. Kulemba pulogalamu yeniyeniyo sindinkadziwa, ndipo sindinayesepo. Changa chinali kuwerenga. Ndinayambira tsamba loyamba n'kumatsika pang'onopang'ono, monga mmene munthu amasankhira miyala mu mpunga. Magetsi akathima ndinkapitiriza pafoni, bandulo ikalola. Zokonza zanga zinali zazing'ono: chilembo chodumphidwa, mpumiro wosowa, dzina la batani lolembedwa mosiyana ndi mmene likuonekera pasikilini. Ankazivomereza pafupifupi zonse.

Anthu a ntchitoyo sindinawaonepo nkhope, kupatula bambo wina wa ndevu zambiri amene anali woyang'anira wamkulu. Ena onse ankadziwika ndi tizithunzi timene anaika pambali pa mayina awo ongopeka. Wina anali mphaka, wina phiri la chipale, wina duwa la mpendadzuwa. Koma ndinawadziwa monga ndinkadziwira anzanga a kusukulu aja. Wamphaka ankalemba zambiri ndiponso mothamanga, ndipo zala zake zinkapunthwa pa zilembo zomwezomwezo, moti ndinkazindikira tsamba lake ndisanaone dzina. Bambo wa ndevu ankadzuka ife tikuweruka. Waphiri ankakwiya msanga, n'kupepesa mawa lake. Wampendadzuwa sankalankhula kawirikawiri. Ankakonza zithunzi za m'malangizowo, ndipo ankasowa nthawi zofanana ndi zimene kwathu kuno magetsi amavuta.

Kwathu munthu safika pakhomo pa eni n'kungoyamba nkhani. Choncho chilichonse chimene ndinkatumiza ndinkachiyamba ndi moni. Ndinkawafunsa mmene adzukira, mmene kunyumba kulili, n'kuwauza kuti kuno tadzuka bwino, kenako n'kunena za chilembo chimene ndakonza. Ndinachita zimenezi kwa miyezi. Tsiku lina bambo wa ndevu anandilembera mwaulemu ndithu kuti akuyamikira ntchito yanga, koma bokosilo ndi lofotokozera chimene chakonzedwa basi, chifukwa mawu onse olembedwamo amasungidwa m'mbiri ya pulogalamuyo. Ndinachita manyazi ngati munthu amene wakhala pampando wa mfumu osadziwa.

Pansi pa mawu akewo panabwera mzere wina, wochokera kwa wampendadzuwa. Sunali m'Chingerezi. Unali m'Chinyanja cha kutsidya kwa boda, chimene timamva kwa madalaivala ndi amalonda: “Tauka bwino, kaya imwe kwamene muli. Mvula yabwela?”

Ndinawerenga mzerewo kambirimbiri. Ndinayankha kuti yabwera, anthu adzala kale. Zinathera pomwepo. Sanalembenso m'chilankhulo chathu, ndipo ine ndinasiya kupereka moni. Sindinadziwe ngati anali mwamuna kapena mkazi, wamkulu kapena wamng'ono.

Agogo anazindikira kuti ndayamba kuchedwa. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza mopapasa, lichero lili pamiyendo. Anamva kulira kwa tcheni cha njinga.

“Amuna anga, masiku ano mukufika dzuwa litapita. Mwapeza mkazi wina pa Kamwendo?”

Ankanditcha choncho kuyambira ndili wamng'ono, monga amachitira agogo ambiri ndi zidzukulu zawo.

“Ayi agogo, ndimamalizitsa ntchito.”

“Ntchito ya mayi uja imatha dzuwa likadalipo. Usandinamize, ine maso okha ndi amene anafa.”

“Ndi ntchito ina. Ndimathandiza anthu ena kukonza buku lawo pa kompyuta.”

“Anthu ake ati? A kuboma?”

“A kutali. Ena ali kutsidya kwa nyanja zazikulu, wina ndikuganiza ali ku Zambia kuno. Aliyense amagwira mbali yake.”

“Amakupatsa kanthu?”

“Ayi. Palibe amene amapatsidwa. Chinthucho ndi cha tonse.”

Anasiya kuswa mtedza, n'kupendeketsa mutu.

“Oho, ndi dima, kulima kothandizana kuja. Nanga thobwa lake mumamwera kuti?”

“Kulibe thobwa, agogo.”

“Dima lopanda thobwa! Akupusitsani amuna anga, akupusitsani masanasana!”

Anaseka mpaka kutsokomola, mtedza wina n'kugwera pansi. Ndinagwada kutola. Ndili chogwada choncho anandigwira mutu, ndipo mawu awo anasintha.

“Koma amakudziwa?”

“Amandidziwa.”

“Dzina lako?”

“Amalidziwa. Amandithokoza ndikakonza.”

“Ndiye basi. Ine chimene chimandisowetsa tulo si imfa. Ndimaona iwe pamaliro anga utakhala wekha ngati chitsa, wopanda mnzako woti akhale pambali pako. Ana a anzanga amabwera ndi anzawo a kuntchito, galimoto yodzaza. Ngati nawe uli nawo anthu ako, ndigona bwino.”

Sindinaone chachilendo m'mawu amenewo. Kwathu anthu ogwira ntchito limodzi amaikana. Akabaza a pasiteji mmodzi akafedwa, onse amasiya makasitomala n'kundandalika njinga zawo kumudzi kwa mnzawoyo. Amayi a pamsika amatero, aphunzitsi amatero. Ndinali nditagwira ntchito ndi anthu aja nthawi yaitali, tsiku ndi tsiku, ndipo ndinalibe dzina lina lowatchula koma lakuti anzanga a kuntchito.

Agogo sanasunge nkhaniyo. Kutchalitchi, pamjigo, pamaliro a anthu ena, aliyense anamva kuti mdzukulu wawo wosalankhula uja amagwira ntchito ndi anthu a mayiko onse.

Anadwala nyengo yozizira, anthu atakolola. Chinayamba ngati chifuwa wamba. Ndinawatengera kuchipatala chaching'ono pa kabaza, ine ndikupalasa pambali, ndipo anatipatsa mankhwala. Anachira pang'ono, anayambanso kundinyogodola, kenako chifuwa chinabwerera ndi mphamvu. Anatisiya m'mawa wina, dzuwa litangotuluka, nkhuku zikutsika mumtengo.

Amalume, mlongo wa malemu mayi anga, anafika kuchokera kwa Kapondo dzuwa lisanakwere. Anaima pabwalo n'kuyamba kugawa mauthenga: wina apite kwa amfumu, wina kwa akulu a mpingo, wina aimbire achibale a ku Lilongwe. Kenako anandiyang'ana.

“Iwe, a kuntchito kwako wawauza?”

Ndinati mayi wa shopu anapita kukaoda katundu kunja, foni yawo sikugwira.

“Nanga aja ankanena agogo ako aja? A mayiko ena aja?”

“Sindinawauze, amalume. Ali kutali kwambiri.”

“Kutali n'kwawo, si kwako. Iwe chako n'kunena. Asadzatidandaule kuti tinawabisira maliro. Pita.”

Kumudzi kwathu netiweki imagwira bwino pachulu china cha m'mphepete mwa munda wa fodya. Ndinakwera pamenepo ndi foni yanga. Ndinalibe nambala ya aliyense wa iwo. Malo okhawo amene ndinkadziwa kuti onse amawerenga anali tsamba lonenerapo zovuta za pulogalamuyo, pamene munthu amalemba kuti chakuti sichikugwira ntchito. Ndinatsegula pamenepo n'kulemba monga amalengezera pawailesi. Ndinayamba ndi moni, ngakhale anandiletsa. Ndinati agogo anga amene anandilera atisiya m'mawa uno, mwambo woika maliro uchitika mawa masana kumudzi kwathu kwa Zulu, m'boma la Mchinji. Ndinati wobwera atsikire pa Kamwendo, afunse shopu ya fotokope ya kuseri kwa siteji, akabaza a pamenepo amudziwitsa njira.

Sindinali mwana. Ndinkadziwa kuti wamphaka sangakwere ndege chifukwa cha agogo anga. Koma kwathu amene walephera kufika amatuma munthu, kapena amatumiza mawu oti akanenedwe pamaliro. Ndinkafuna mawu ochepa chabe, oti ndikapatse amalume akanene pagulu kuti anzake a mwanayu amva ndipo akulira nafe.

Ndisanatsike pachulupo foni inanjenjemera. Ndinaitsegula msanga. Koma sanali munthu. Tsambalo lili ndi kapulogalamu kolondera, kamene kamayankha kokha aliyense akalemba. Kanandithokoza chifukwa chonena za vutolo, n'kunena kuti uthenga wanga ukusowa mfundo zina. Kanafunsa mtundu wa kompyuta imene ndikugwiritsa ntchito. Kanafunsa ngati vutolo limachitika nthawi zonse kapena mwa apo ndi apo. Kanapempha kuti ndifotokoze njira zoti iwo atsatire kuti vutolo liwachitikirenso kumeneko. Kanafunsanso chimene ndinkayembekezera kuti chichitike m'malo mwa chimene chachitikacho.

Ndinaima pamenepo, kulira kwa amayi kukumveka kuchokera kunyumba. Pa funso lomalizalo ndinayamba kulemba yankho, kenako ndinafufuta.

“Ayankha?” anafunsa amalume nditabwerera.

“Ayankha.”

“Akuti chiyani?”

“Afunsa mafunso.”

Ndinafuna kupitiriza, koma iwo anali atatembenukira kale kwa anyamata onyamula nkhuni. “Akufunsa njira amenewo,” anatero. “Inu, mukakatenga mabenchi kutchalitchi, imodzi yabwino muiike pansi pa mango apo, pafupi ndi mipando ya mafumu.”

Tsiku loika maliro zofuna za agogo zinachitika. Anthu anasowa pokhala. Anabwera a m'midzi yonse yozungulira, a kwa Kapondo, amayi a pamsika wa Kamwendo atavala zitenje zofanana, ngakhale anthu amene sindinawaonepo, amene ankati malemuwa anadzaika mayi awo, anadzaika mwana wawo. Amuna anakhala pa njerwa, pa mizu ya mitengo, pa makaliyala a njinga. Pakati pa khamu lonselo, pamthunzi wabwino, panali benchi yopanda munthu. Aliyense woyandikira, amalume ankamukweza dzanja.

“Pepani, apo ndi pa alendo a kuntchito kwa mwanayu.”

Ine ndinakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, moyang'anana ndi benchiyo. Njinga yamoto ikamveka kumsewu, mitu inkatembenuka. Ikadutsa, kapena ikatsitsa munthu wodziwika kale, mitu ija inkabwerera, ndipo maso ena ankathera pa ine. Ndinkadziwa kuti sikubwera munthu. Komabe nanenso ndinkatembenuka.

Nthawi ya mawu itakwana, woyendetsa mwambo anaitana magulu mmodzimmodzi. Analankhula a kubanja, analankhula mayi wina m'malo mwa amalonda a pamsika, amene anaseketsa anthu pokumbutsa mmene agogo ankathamangitsira anyamata olawa mtedza osagula. Kenako woyendetsa mwambo anakweza mawu.

“Tsopano tipereke mpata kwa anzake a kuntchito a mdzukulu wa malemu.”

Palibe anaimirira. Mwana wina analira kumbali ya amayi, mayi wake n'kumutontholetsa. Amalume anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mphasa. Woyendetsa mwamboyo anali munthu wodziwa ntchito yake.

“Zikuoneka kuti akadali m'njira,” anatero. “Tipitirize. A mpingo.”

Ulaliki uli mkati, nkhalamba ina ya mwendo wovuta inadzikoka n'kukhala kunsonga kwa benchi ija. Amalume sanailetse. Posakhalitsa benchiyo inadzaza.

Palibe wamkulu amene anandifunsa kanthu. Pobwera kumanda pokha, msuweni wanga wina wa kabaza anandigunda paphewa.

“Aise, ndege ya azungu ako aja yasowa potera eti? Ukanatiuza tikanalambula bwalo la mpira.”

Anzake anaseka chapansipansi. Sankafuna kundipweteka, ankafuna ndiseke nawo. Ndinayesa.

Dzuwa lisanalowe ndinakweranso pachulu. Bambo wa ndevu anali atalemba mizere iwiri. Anati wamva chisoni ndi imfa ya agogo anga ndipo akundifunira mphamvu, koma tsambalo ndi la zovuta za pulogalamu, choncho watseka nkhaniyo. Anaikhomanso kuti wina asawonjezerepo mawu. Pansi pake wina anali ataikapo kachizindikiro ka mtima. Ndinayang'ana ngati wampendadzuwa analembapo kanthu isanatsekedwe. Panalibe.

Sindinamukwiyire bamboyo. Ankanena zoona, ndipo anachita mwaulemu monga mwa kwawo. Kungoti mawu akewo sakanatheka kunenedwa pamaliro, ndipo maliro anali atatha.

Titameta, achibale anabalalika. Amalume anabwerera kwa Kapondo, mabenchi anabwerera kutchalitchi. M'nyumba munatsala ine, ndi lichero la mtedza umene agogo anauyamba osaumaliza. Ndinalisiya pamene linali. M'mawa woyamba ndili ndekha ndinatulutsa njinga, kutseka chitseko, ndipo nditafika pamsewu ndinazindikira kuti sindinatsegule pakamwa chidzukire. Munthu amene ankandifunsa mmene ndadzukira anali mmodzi yekha.

Ndinabwerera kushopu. Mayi wa shopu atabwerako anandipepesa ali chiimire pakhomo, minibasi ikumudikira. Ntchito inapitirira: ziphaso, makalata, makadi. Pulogalamu ija ndinkaigwiritsabe ntchito, popeza ina panalibe, ndipo nthawi zina ndinkafunika kutsegula malangizo ake. Ndinapeza tsamba latsopano lolembedwa ndi wamphaka, zilembo zake zija zitasinthana malo monga mwa masiku onse. Kachizindikiro ka pensulo kanali pomwepo. Ndinakayang'ana, n'kutseka tsambalo. Sikunali kunyanyala. Ndinkangomva ngati munthu amene wakhala akupereka moni pakhomo pa nyumba kwa nthawi yaitali, kenako n'kusuzumira pawindo n'kuona kuti ndi nyumba yosungiramo katundu.

Masana anabwerera mmene analili kale. Ndinkakhala kuseri kwa kauntala n'kumaona fumbi likuwuluka pasiteji, oitanira akulimbirana munthu mmodzi, mbuzi zikudya makoko a nthochi. Mphepo yozizira inatha, kunayamba kutentha, mitengo ya mango inachita maluwa. Madzulo sindinkafulumira kupita kumudzi, komanso ndinalibe chondichedwetsa.

Tsiku lina masana thiraki inalira monga zimalirira zonse, galasi n'kunjenjemera. Koma matayala sanakwere mabampu. Mabuleki anapuma, injini n'kumangogunda pamalo amodzi. Patapita kanthawi pakhomo panaima bambo wamfupi, wonenepa, wovala chovesiti chonyezimira, atasenza kathumba koyera paphewa.

“Odi kuno. Ndimwe ba fotokope?”

Kalankhulidwe kake kanali ka kutsidya kwa boda. Ndinaganiza kuti akufuna fotokope ya mapepala a katundu, ndipo ndinatambasula dzanja.

“Iyayi, sinifuna pepala. Ndimwe munataya ambuya? Ba kwa Zulu?”

Ndinavomera ndi mutu.

Anatula kathumbako pansi, n'kuyang'ana uku ndi uku. Anavula chipewa, anapukuta thukuta, kenako anakhala pa benchi ya makasitomala, manja ali pakati pa mawondo.

“Bananiuza ati nisapeleke choimilila,” anatero. “Ati nifike, nikhale pansi monga pa malilo. Bwelani kuno, mukhale naimwe.”

Ndinatuluka kuseri kwa kauntala n'kukhala kumbali ina ya benchiyo. Anawerama monga amachitira munthu akangofika pasiwa. Kunja oitanira ankakuwa za Lilongwe. Ife tinangokhala.

“Pepani, mweo,” anatero pomaliza. “Pepani maningi.”

“Zikomo. N'zimene zinatigwera.”

“Banadwala nthawi itali?”

Pamaliro ofedwa amafotokozera obwera mmene matenda anayendera. Pa maliro a agogo anafotokoza ndi amalume, amene sanaone matendawo. Ine palibe anandifunsa. Tsopano ndinayamba kuuza munthu wosamudziwayu za chifuwa chija, za ulendo wa pa kabaza, za mmene anachirira n'kuyamba kudandaula kuti phala langa lili ngati madzi otsukira mbale, za m'mawa umene ndinawaitana osayankha. Ndinalankhula nthawi yaitali kuposa mmene ndinalankhulirapo ndi munthu aliyense kupatula agogowo. Iye ankangoti, “Mm. Mm. Ee, nkhalamba zimachita so.” Foni yake inalira m'thumba, anaizimitsa osaiyang'ana. Kumsewu wothandizira wake anaimba hutala.

“Uyo mufana alibe ulemu,” anatero. “Musiyeni.”

Nditamaliza ndinamufunsa amene wamutuma.

“Ine sinibaziba. Mulongosi wanga ku Chipata ndiye ananipasa, ati ni ba kuchalichi kwao, bamene bachita vamakompyuta. Ati banaona uthenga wanu mochedwa, malaiti kunalibe, ndipo pamene banafuna kuyankha banapeza pavalika, batseka kale. Ati ni munzanu wa kunchito, muzaziba.” Anagunda kathumba ka ufako ndi phazi pang'ono. “Uyu unga wayenda, bwana. Napita nao pano pa Sondo, mwavala shopu, palibe munthu. Napitanso, mwavala. Wafika ku doko, wabwela. Ngati wanunkha dizilo musanitukwane.”

Ndinaseka, ndipo kusekako kunandidabwitsa.

“Pa boda bananifunsa ati ni wa malonda? Nati ni wa malilo. Banangokweza kwanja ati pitani.”

Hutala inaliranso, kawiri. Bamboyo anadzuka, anavala chipewa, n'kunyamula kathumbako ndi manja awiri. Apo m'pamene ndinaona mbali imene inali pansi. Pamwamba pa zilembo za kampani yogaya panali duwa la mpendadzuwa lojambulidwa ndi cholembera chakuda, lalikulu, la masamba ambiri ozungulira, inki yake itafufutika pang'ono ndi ulendo.

Ndinaimirira n'kulandira ndi manja awiri. Kanali kolemera kuposa mmene kankaonekera.

“Musale bwino,” anatero, n'kutuluka akuthamangira kumsewu.

Ndinamva chitseko cha thiraki chikumenyeka, injini ikukoka, kenako matayala akukwera mabampu limodzilimodzi.